Chingwe cha nsanza kapena mtsuko wokwirira: nchiyani chimasunga mbande mu Okutobala?

Okutobala wathayu ndinapita kumaliro ku Tete ndipo ndinagonako masiku anayi. Amene anafikako nyengo imeneyo akudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, moti ukabwerera ku Ulongué umapuma ngati watula katundu. Komatu ngakhale kuno kumtunda dzuwa la mweziwu silimvera chisoni mbande. Ndisananyamuke ndinasiya tomato wanga pa njira ziwiri. Wina anali m'machubu, chubu chilichonse chili ndi chingwe chochokera m'chigubu cha madzi. Wina ndinali nditawokera kale mozungulira mitsuko itatu yomwe ndinakwirira mpaka m'khosi.

Njira ziwirizi gwero lake ndi limodzi. Madzi akapeza kampata kopapatiza amakakamira m'mbali n'kuyamba kukwera okha, monga muja palafini akwerera chingwe cha koloboyi. Kampatako kakachepa, madzinso amakwera kwambiri: m'kachubu kagalasi kotakata milimita imodzi amakwera pafupifupi masentimita 3, kakachepa ndi theka amafika 6. James Jurin wa ku England analemba zimenezi mu 1718. Timipata totere tili mu ulusi wa nsalu, m'dothi la mtsuko, ndi m'nthaka momwe.

Ndiyambe ndi chingwe, pakuti ndi chomwe chinandiliza. Nsanza zitandithera, machubu ena ndinawaikira zingwe zomwe ndinang'amba ku thumba la feteleza. Pobwera ndinapeza mbande zonse za m'machubu amenewo zitagona, dothi lili gwaa, chigubu chikadali chodzaza. Pulasitiki wa thumba sagwirizana ndi madzi, ndiye sakoka kanthu. Zomwe zinali ndi nsanza za chitenje chakale cha thonje ndinazipeza zili bwinobwino. Choncho nkhani si chingwe chabe, koma chingwe chanji. Musanachidalire, viikani nsonga yake m'kapu muone ngati chinyezi chikukwera.

Chinanso ndi kutalika. Chingwe chimakoka bwino madzi akakhala pafupi. Kwa ine, akatsika m'chigubu kupitirira chikhatho ndi theka, kumtunda kumangofika chinyezi chosapindulitsa. Ukati ukweze chigubu pamwamba pa mbande, madzi amatsetsereka usana ndi usiku mpaka kutha, mbande n'kuvunda mizu. Madzi a m'chitsime cha kudimba, aja ofiirira, amatsekanso timipata ta ulusi, ndipo thonje likakhalitsa m'dothi lonyowa limawola. Koma pa mtengo palibe chochiposa: nsanza ndi chigubu, basi.

Mtsuko ndi nkhani ina. Uyenera kukhala wadothi wamba, uja umatuluka thukuta kunja n'kuziziritsa madzi akumwa. Wopaka penti kapena womatidwa simenti sugwira ntchito. Ukaukwirira, nthaka youma imayamwa madzi kudzera m'timabowo ta mtsukowo, ndipo ikanyowa imachepetsa yokha kuyamwa. Apa ndi pomwe unandigonjetsa mtima, chifukwa palibe woyeza, nthaka imatenga zomwe ikufuna. Nditazula tomato pothera pake ndinapeza mizu itakulunga mtsuko ngati ukonde. Pamwamba pa nthaka pamakhala pouma, ndiye udzu sumera kwambiri ndipo madzi sathawa ndi dzuwa monga zimakhalira ukathirira ndi kheni masana.

Zovuta zake zilipo ndithu. Mtsuko ndi wogula, ndipo khasu likaugunda watha. Chinyezi sichipita patali, makamaka pamchenga pomwe timipata ndi tikulutikulu. Pa dothi lamakande chimafalikira bwinoko ngakhale pang'onopang'ono. Ndiye mbewu iyenera kukhala pafupi, ndipo pa dimba lalikulu la mbatatesi ngati aja a ku Tsangano musayese n'komwe, mungathe mitsuko ya mudzi wonse. Kukamwa kwake vundikirani ndi mbale yakale. Ine umodzi ndinaiwala, ndinapezamo chule ndi ana a udzudzu ali piringupiringu.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachedwa kuchimvetsa. Ndinkaganiza kuti mbewu imamwa ngati chingwe. Zoona m'tsinde muli timachubu ting'onoting'ono, koma kukwera kwa madzi kotereku pakokha sikungawafikitse pansonga pa bulugamu. Chimakoka kwambiri ndi masamba: akamataya madzi ku mpweya, amakoka ena kuchokera kumizu ngati chingwe chosaduka. N'chifukwa chake kambande ka masamba anayi kamakhuta ndi nsanza imodzi, koma tomato yemweyo akayamba maluwa, tsiku lotentha lamphepo, nsanzayo siikwanitsanso. Mtsuko umakwanitsa chifukwa mbali yake yonse imatulutsa madzi ndipo mizu imabwera yokha kudzamwa pomwepo.

Chaka chino ndagawa chonchi: nazale yonse ili pa zingwe za thonje, zigubu zili pansi pambali pa machubu. Tomato ndi tsabola wa pakhomo ndikadzawokera adzapita pa mitsuko, ndipo ndauza kale mayi woumba wa kuseri kwa phiri kuti andiumbire ina isanu, asaikulungize kwambiri kunja.