Chambo cha pa hotela kapena cha kwa amayi a pa Boma?

Chiyambireni kugwira ntchito kuno ku Mangochi, sipapita sabata osalandira funso lomweli pa WhatsApp: "Achimwene, tikubwera kunyanja Loweruka, chambo chabwino tikadyere kuti?" Ndayankha mmodzimmodzi mpaka ndatopa, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Malo amene ndikuyerekeza ndi awiri, ndipo konseko ndadyako kambirimbiri: chipinda chodyera cha hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja pa msewu wopita ku Monkey Bay, ndi kalesitilanti ka amayi ena pa Boma, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Mayina sinditchula.

Pa kukongola kwa malo palibe mpikisano. Ku hotela umakhala pakhonde, mchenga uli pompo, mapiri a kutsidya akuoneka, ndipo usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika pamadzi. Kwa amayi uli pabenchi, denga lamalata likutentha, akabaza akuimba mabelu pakhomo. Zimbudzi ndi zaukhondo ku hotela, ndipo magetsi akazima jenereta imalira nthawi yomweyo.

Koma chimene chinandipweteka ndi bilu.

Unali December wa 2023, patangopita mwezi ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Apongozi anga anabwera kudzaona mdzukulu wawo woyamba, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zowalemekeza ndi chakudya cha pa hotela. Ndinaona menyu, mitengo ina itamatidwa timapepala tatsopano pamwamba pa yakale. Ndinawerengera mumtima mbale zitatu za chambo ndi zakumwa, ndinaona kuti ndalama imene ndinali nayo ikwana ndipo itsalako ya mafuta a galimoto. Titatha kudya, mnyamata woperekera zakudya anabweretsa bilu m'kachikwama kachikopa. Pansi pa mtengo wa chakudya panali mizere ina itatu: VAT ya 16.5 peresenti, msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti, ndi service charge (ndalama yolipirira ntchito yokuperekerani zakudya) ya 10 peresenti. Zonse pamodzi zinaonjezera kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imene ndinawerengera.

Ndinamufunsa monong'ona kuti, "Achimwene, izi bwanji simunanene?" Iye anatsegula menyu nandilozera tizilembo ting'onoting'ono pansi penipeni pa tsamba lomaliza, tonena m'Chingerezi kuti mitengoyo ilibe msonkho. "Zimakhala choncho, bwana," anatero. Sindikumuda mnyamatayo, si iye amasindikiza menyu. Msonkho nawonso ndi lamulo, sindikukana kulipira. Chimene sindivomereza ndi kulemba mtengo umodzi m'zilembo zazikulu pamene wolipira ndi wina. Munthu wobwera ndi ndalama za msonkhano sazindikira n'komwe. Koma ife amene timasunga mwezi wathunthu kuti tisangalatse kholo timafunika kudziwa tisanaitanitse.

Ndinachita kutuluka panja kukaimbira mnzanga kuti anditumizire yotsalayo pa Airtel Money. Pobwerera ndinapeza apongozi atamasula kale mfundo ya pa chitenje chawo, akufunsa mwana wawo kuti, "Kodi abambo a mwana apereweredwa zingati?" Mkamwini aliyense akudziwa kulemera kwa funso limenelo. Mpaka lero ndikadutsa pa geti la hotelayo ndimakumbukira dzanja lawo lili pa mfundoyo.

Kwa amayi a pa Boma zotere kulibe. Amatsegula chikulabokosi, nsomba zili pa ayezi, iwe n'kuloza imene waikonda. Amakuuza mtengo wake pomwepo, nsima ndi masamba zili momwemo, ndipo ndi ndalama yomweyo imene udzapereke ukasamba m'manja. Umaidina ndi chala kuona ngati mnofu uli wolimba, umayang'ana maso ngati akuwala. Tsiku lina ndinafika nthawi ya mwera, asodzi atakhala masiku angapo osalowa m'nyanja, ndipo anandiuza mosabisa: "Mwanangu, lero chambo kulibe, awa ndi makumba. Mukafuna, kampango alipo." Mawu amenewo ndiwo anandigula. Chambo chasowa masiku ano, mu 2018 chinalembedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu, ndipo nyanja ikatsekedwa kuyambira November chimavuta kwambiri kupeza. Choncho wogulitsa wokuuza zoona za nsomba imene ili m'mbale yako ndi wofunika kumusunga.

Kunena chilungamo, chambo cha ku hotela si choipa. Amachikazinga bwino, amaika ndimu pambali ndi tchipisi touma bwino. Kungoti nthawi zambiri amachibweretsa chochotsa minga, mutu palibe, ndipo kwa ine chambo chopanda mutu ndi theka la chambo. Nsima yake imakhala timitanda tiwiri tozizira pamwamba, zoonetseratu kuti inaphikidwa kale n'kumadikira. Kwa amayi chambo chimabwera chathunthu, chothira tomato ndi anyezi, msuzi wake wokwanira kumalizira mtanda wachitatu, tsabola wa kambuzi ali m'kambale pambali. Nsima imachoka pa mbaula kupita patebulo ikufuka nthunzi.

Kudikira kulipo konsekonse. Ku hotela tinakhala pafupifupi ola lathunthu chifukwa kunali msonkhano, ndipo a msonkhano ndiwo amayamba kulandira. Kwa amayi ukafika itadutsa 2 koloko masana upeza miphika yatsukidwa.

Abale achisilamu amandifunsanso za nyama. Amayiwa ndi Msilamu, nyama yawo ndi ya halaal, nkhumba ndi mowa sizilowa pakhomo pawo. Dziwaninso kuti m'mwezi wa Ramadan satsegula masana, monga amachitira ambiri pa Boma pano. Ku hotela kuli bala, ndiye funsani za nyama musanaitanitse.

Tsono mukabwera Loweruka chitani chonchi. Nkhomaliro mukadyere pa Boma, mufike isanakwane 1 koloko, musankhe nokha nsomba. Mukatha mudutse pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ana akaone, kenako mupite kunyanja. Ku hotela mukakhale pakhonde ndi chakumwa chozizira, kapena ngati mwagona komweko mukadye kadzutsa m'mawa dzuwa likutuluka kutsidya kwa nyanja, pakuti tiyi ndi mazira awo sindinapezepo chifukwa. Mukaumirira kudya chambo kumeneko, musanaitanitse kanthu funsani kuti, "Mtengo uwu msonkho ndi service charge zili momwemo?" ndipo akuwerengereni zonse apongozi asanakhale pansi.

Apongozi anga anabweranso chaka chotsatira. Ndinawatengera kwa amayi aja, anadya mutu wa chambo mpaka kutsala minga yokha, ndipo potuluka anapempha kuti awakulungire kampango wowamba woti akadyere kumudzi.