Mantis X10 Elite: Kachipangizo Kophunzitsa Kuwombera Molunjika

Kachipangizo aka, kopangidwa ndi kampani ya Mantis ya ku America, kamamangiriridwa pamfuti ndipo kamatumiza uthenga ku foni kudzera pa Bluetooth, kusonyeza mmene mpope wa mfuti wagwedezekera munthu asanawombere, powombera ndiponso pambuyo pake. Kuwombera kulikonse kumapatsidwa malikisi osapitirira 100.

Chimene ndakakondera kwambiri n'chakuti kamagwira ntchito ngakhale mfuti ilibe zipolopolo, motero ndimayeserera kunyumba madzulo aliwonse ndi mfuti yanga yaitali, nditatsimikiza kaye kuti mulibe chipolopolo. Kandiwonetsa kuti ndikafulumira ndimakoka chala mwamphamvu, mpope n'kupendekera kumanja, cholakwa chimene sindinkachidziwa n'komwe. Mayeso ake owerengera nthawi andithandiza kuwonjezera liwiro pang'onopang'ono popanda kutaya kulunjika. Komabe, za mphepo ndi kutalika kwa mtunda ndimakaziphunzirabe kubwalo lowomberako.