RAM ndi 8 GB koma ikugwira 3 GB yokha: Windows kapena sikuludiraiva?

Laputopu yanga kuno ku Salima inachita zimenezi, ndinavutika nayo zedi. RAM ndi kachipangizo ka mkati mwa kompyuta kamene kamasunga zinthu kwakanthawi pamene mapulogalamu akugwira ntchito. Njira zilipo ziwiri.

Kuika Windows ya 64-bit: mtundu winawo, wa 32-bit, sugwiritsa ntchito RAM yopyola 4 GB, ngakhale muonjezere RAM yochuluka bwanji.
Kutsegula kompyuta ndi sikuludiraiva: kuzula RAM, kuipukuta fumbi, kuibwezeretsa mpaka timano take tigwire.

Yoyamba imadya bandulo ndi tsiku lathunthu, ndipo muyambe mwasunga mafayilo pa fulashi. Magetsi akazima muli pakati, ntchito imabwerera poyambira.
Yachiwiri ndi mphindi khumi, yaulere, bola muzimitse ndi kuchotsa batire.

Kuti mudziwe njira yoti mutsate, yang'anani pa Settings, System, About. Pakalembedwa 32-bit, sinthani Windows, musataye ndalama kugula RAM ina. Pakalembedwa 64-bit, tsegulani kompyutayo. Yanga inali ya 32-bit.