Mahedifoni otumika ndi mawu: ndi abwino, bola osawauza zonse

Mahedifoni a Bluetooth amenewa ndinawagula ku Old Town, ku Lilongwe. Mawu amamveka bwino ndipo batire lake limafika madzulo, zomwe n'zofunika masiku amene magetsi athima. Koma chimene ndinawagulira ndi kabatani ka pambali, kamene ukakadina kamadzutsa wothandiza wolankhula wa mufoni. Pa Android amakhala Google Assistant kapena Gemini, pa iPhone ndi Siri. Mahedifoniwo paokha alibe nzeru, amangotenga mawu ako n'kuwapereka ku foni, ndipo bandulo ikatha ntchito zambiri zimaima.

Poyamba wothandizayo sakudziwa, umayenera kudzidziwitsa mu settings. Ndinamuuza dzina langa, n'kumuphunzitsa katchulidwe kake, chifukwa ankalipotoza moti ndikanalimva pamsewu sindikanacheuka. Ndinamuphunzitsanso mawu anga kuti azindizindikira.

Ntchito yeniyeni inali pa manambala. Ife timasunga anthu mufoni monga momwe timawaitanira: Amayi, Achimwene, Alamu a ku Kawale, Amalume a ku Mitundu. Chichewa sakuchimva, ndiye ukatchula mayina amenewa mwina akuimbira munthu wina, mwina akufunsa kuti ubwereze mpaka utopa. Chimene chinathandiza n'kumuuza ubale wa aliyense: nambala iyi ndi ya mayi anga, iyi ya mchimwene wanga, iyi ya mkazi wanga. Tsopano ndikangonena mu Chingelezi kuti aimbire mayi anga, foni ikulira kumudzi ine osaitulutsa m'thumba. Amene amakwerera minibasi ku depoti madzulo akudziwa phindu la kusatulutsa foni pagulu. Chimenechi chokha chinabweza ndalama zanga.

Za kunyumba ndi kuntchito zinandiseketsa. Amafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, pomwe ife ku Area 23 timalondolera munthu kuti utsike pa chigayo, ukhotere kumanja, ufunse pa grosale. Palibe polemba zimenezo. Ndinangoika chizindikiro pa mapu, china pa ofesi ku City Centre. M'mawa amandiuza nthawi imene ulendo ungatenge, koma kuwerengera kwake n'kwa galimoto yako yako. Sadziwa kuti minibasi siichoka pa siteji isanadzaze.

Mauthenga amawawerenga m'khutu, ndipo a Chingelezi amamveka bwinobwino. A Chichewa ndiye ayi ndithu. Uthenga wa pagulu la banja pa WhatsApp ukamawerengedwa umangomva phokoso, n'kudikira kuti ufike ukawerenge wekha. Kuyankha ndi mawu nakonso kuli ndi malire, chifukwa chimene walankhula anthu onse m'minibasi amva, ndipo kondakitala akamakuwa maikolofoni imatola mawu ake m'malo mwa ako.

Pali pomwe ndinakana. Mu settings muli malo olola kuti azikuwerengera zako zachinsinsi, monga mauthenga ndi kalendala, foni ili yokiya. Ndinazimitsa, chifukwa kunyumba mahedifoni amabwerekanidwa, ndipo mwana wa achemwali akawavala sindikufuna amve za ngongole za ku banki m'khonde. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala ya chiphaso cha unzika, zimenezo musayerekeze n'komwe kumuuza kuti akusungireni. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo amaliyang'anira ndi a MACRA, koma zimene mwauza wothandizayu zimatha kukasungidwa mu akaunti yanu pa makompyuta a kampani yakunja. Ine ndimalowa mu akauntiyo nthawi ndi nthawi n'kufufuta zomwe ndinalankhula.

Ngati Chingelezi simuvutika nacho ndipo mumayenda kwambiri manja ali otanganidwa, gulani. Musanalipire, alumikizeni ku foni yanu m'sitolo momwemo, mudine kabatanika muone ngati wothandizayo akudzuka, chifukwa ena ofanana nawo mawonekedwe amangoimba nyimbo basi.