Wunderlich kapena Schreier: muyambe kumvera ndani?

Mwa oimba awiriwa a ku Germany a mawu a tenor (mawu aamuna okwera), ine ndingati muyambe ndi Fritz Wunderlich. Anabadwira ku Kusel mu 1930, ndipo mawu ake ndi ofunda, osalala, otuluka mosakakamiza. Tamumvereni akuimba ngati Tamino m'sewero loimba la Mozart lotchedwa Die Zauberflöte, limene anajambula ndi wotsogolera oimba Karl Böhm mu 1964. Ine ndikamaimvera mtima umakhala m'malo. Zachisoni, anagwa pamasitepe mu 1966 n'kumwalira ali ndi zaka 35 zokha.

Peter Schreier, amene anakulira m'kwaya ya anyamata ya Kreuzchor ku Dresden, anali ndi mawu opepukirapo, koma liwu lililonse ankalitchula momveka bwino. Pa nyimbo za Bach, makamaka akamasimba za masautso a Yesu, ndimasankha iyeyu.