Ndemanga ya Traquair House Ale, mowa waukali wa ku Scotland

Traquair House Ale si mowa wophera ludzu, ndipo munthu amene angaugugude mothamanga adzangowononga chinthu chabwino. Umafululidwa ku Traquair House, nyumba yakale kwambiri imene ili pafupi ndi tauni ya Innerleithen kumwera kwa Scotland, kumene Peter Maxwell Stuart, mwini nyumbayi panthawiyo, anayambiranso kufulula mu 1965 atapeza zipangizo zofululira za m'zaka za m'ma 1700 zimene zinangosiyidwa osagwira ntchito. Ukali wake ndi 7.2 peresenti, pamene mowa wambiri wa lager umathera pakati pa 4 ndi 5 peresenti, choncho kwa ine botolo limodzi la mamililita 330 limakwana madzulo onse.

Ukathiridwa m'tambula umaoneka woderako, koma ukaunyamula poyera umasonyeza kufiira kwake kozama. Thovu lake ndi lochepa ndipo silichedwa kuphwa, limangosiya kamzere kozungulira m'mbali mwa tambula.

Chimene chimalamulira mowawu ndi chimera cha balere, ndipo apa ndi pamene ndinakhutira kwambiri. Ukangotuluka mufiriji umakhala ngati wabisa zonse, pakamwa pamangomveka kuzizira ndi kutsekemera pang'ono basi. Koma ndikaudikira kuti ufike pa madigiri 10 mpaka 13 Celsius, tambula ili m'manja, fungo limayamba kutuluka mwapang'onopang'ono. Loyamba kumveka ndi la shuga wopserera pang'ono, kenaka la mphesa zouma, ndipo pansi pa zonsezi pamakhala kafungo ka balere wokazinga kamene kamachititsa kuti kutsekemerako kusakole. Mowawu ndi wolemera pa lilime koma si wonanda, uli ndi mpweya wochepa moti sudzadzitsa m'mimba, ndipo ukali wake suluma pakhosi, umangomveka ngati kafunde m'chifuwa munthu atameza kale. Kafundeko ndiko kamanyenga, chifukwa kukoma kwake sikukumbutsa munthu kuti akumwa mowa wamphamvu chotere.

Ma hops ake, maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo, ndi a mtundu wa East Kent Goldings, ndipo ntchito yawo pano si kudzionetsa. Amangobwera kumapeto ndi kuwawa kochepa kumene kumaumitsa pakamwa, n'kuchititsa kuti munthu afune kupsontha kachiwiri. Ndikuona kuti popanda mathero oumawa, mowa wa chimera chochuluka chonchi ukadatopetsa munthu asanafike pakati pa tambula.

Chinthu china chosowa masiku ano n'chakuti mowawu umawira m'migolo ya matabwa a oak, pamene ofulula ambiri anasamukira ku matanki achitsulo osavuta kutsuka. Ine ndimamva kafungo ka mtengo kapatalipatali ndikayandikira kumaliza, mowa utafunda bwino, ngakhale kuti mwina kudziwa za migoloyo kumathandiza mphuno kukapeza.

Amene anazolowera mowa wa IPA, wowawa kwambiri ndi wonunkhira ngati zipatso zowawasa, angauone kuti ndi wofatsa mopitirira, ndipo sindingawatsutse chifukwa mitundu iwiriyi ikufuna zosiyana. Amene amakonda chimera ndingawalimbikitse kuti augule, koma aumwere m'tambula yotakata pansi ndi yopanikiza kukamwa imene imasunga fungo, osati m'botolo momwe, ndipo autulutse mufiriji kudakali mphindi makumi awiri asanautsekule.