Mahedifoni oletsa phokoso: miyezi 8 ndikuwavala ku ofesi

Ndinagula mahedifoni amenewa chifukwa cha mnyamata wina wa ku ofesi kwathu amene akamayankhula pa foni amakhala ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje. Timakhala anthu 14 m'chipinda chimodzi. Ine ntchito yanga ndi yolowetsa manambala mu kompyuta, ndipo ndikangosokonezeka pang'ono ndimayambiranso mzere wonse.

Pa ntchito imene anawapangira, sindingawanyoze. Ali ndi timaikolofoni timene timatola phokoso la panja, kenako amatulutsa mafunde otsutsana nalo, awiriwo n'kufafanizana asanalowe m'khutu. Phokoso losasinthasintha, monga la fani kapena injini ya basi, limazimiririka ndithu. Mawu a anthu ndiye amangochepa, kumamveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Batire ndimatchaja kawiri pa sabata. Kukatentha makutu amachita thukuta, koma zimenezo n'zazing'ono.

Chimene sanalembe pa bokosi n'chakuti anthu akakuona utawavala amasiya kukuyankhula. Poyamba ankandigwira paphewa. Kenako anayamba kunditumizira uthenga pa foni, chonsecho munthuyo wakhala mpando wachitatu kuchokera pamene ndili. Kenako zii. Mayi wina amene tinakhala moyandikana zaka zitatu anasiya ntchito, ine n'kudziwa patapita masiku anayi, nditaona kuti kapu yawo siili pa tebulo. Akuti anatsanzika mokweza, anthu mpaka kuwomba m'manja. Ndinali momwemo, maso ali pa kompyuta.

Pofika nthawi imeneyo n'kuti nditazolowera kuwavala popanda nyimbo. Mu basi, mu sitolo, ngakhale kunyumba kumene ndimakhala ndekha, kopanda wondisokosera. Ku Japan ali ndi dzina la anthu amene amadzitsekera m'nyumba miyezi 6 kapena kuposerapo, osapita ku ntchito kapena ku sukulu: hikikomori. Mu 2023 boma la kumeneko linati anthu otere, a zaka 15 mpaka 64, alipo pafupifupi 1.46 miliyoni. Nditamva zimenezi ndinadzitonthoza kuti ine ndimadzuka m'mawa uliwonse kupita ku ntchito. Koma nditayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinacheza ndi munthu nkhani yosakhudza manambala, ndinawerenga mpaka zala kutha.

Pali batani lolola kuti mawu a panja alowe, ndipo limagwira bwino kwambiri. Vuto ndi loti anzako sadziwa kuti walidina. Iwo amangoona makutu otsekedwa, n'kudutsa.

Amene mumayenda maulendo ataliatali, kapena mumagwira ntchito usiku n'kumafuna kugona masana, gulani, simudandaula. Ine sindinawataye. Ndimangowavula 12 koloko ikakwana n'kuwakoloweka m'khosi mpaka 2 koloko. Sabata yoyamba palibe anandiyankhula, anthu anali atazolowera. Dzulo mnyamata wa foni uja anaima pa tebulo langa, n'kufunsa, mokweza monga mwa nthawi zonse, kuti mahedifoniwa ndinagula kuti, chifukwa naye phokoso la mu ofesi muno lamutopetsa.